Fodya Anali M'chigafa

Maganizo opita ku Joni anandibwerera ndili pamzere wogula feteleza. Chinali chaka chotsatira chisankho chija cha zipani zambiri, pomwe aliyense ankayenda modzitukumula kuti tsopano tili pa ufulu. Ufuluwo unalipodi, munthu unkatha kunyoza boma pamsika osacheuka. Koma mtengo wa feteleza nawo unapeza ufulu wake, unkangokwera mmene ukufunira. Nditafika pawindo ndi kumva mtengowo, ndinabwerera kunyumba ndi njinga yopanda katundu. Tsiku lomwelo ndinamuuza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita kukasaka ntchito.

Iye ankasenda mtedza pakhonde ndipo sanadzutse mutu. “Pitani,” anatero, “koma musakakhale mtchona. Tiya akufuna bambo, osati wailesi.” Tiya ndi mwana wathu, Tiyanjane, yemwe nthawi imeneyo anali atangoyamba sukulu.

Kwathu kwenikweni ndi ku Chezi, koma ndinakwatira ku Bowe, ndipo ndinkakhala kwawo kwa mkazi ngati mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma pa dothi lawo. Chigafa cha fodya ndinaimika ndine, koma munda unali wa mbumba yawo. Mwini mbumbayo anali a Filimoni, mlongo wake wa Esinati, mkulu wa mpingo, munthu wovala jekete ngakhale popita kudimba. Sitinkadana. Ankanditcha alamu mwaulemu wonse, ndipo pa msonkhano wa banja ankandipatsa mpando wabwino, kungoti wakumbuyo. Ine sindinkadandaula. Ndinkaona ngati ndi mmene zimakhalira, ndipo ndinkadziwerengera kuti ndine wa pamudzipo.

Ku Joni ndinapeza ntchito yosamalira maluwa pakhomo pa mzungu wina wachikulire, mayi wamasiye. Ndinkangomutcha adona. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, momwe ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Anthu akamakamba za ku Joni amakamba za nsapato ndi njinga. Sakamba za Lamulungu masana, pomwe umakhala pabedi wavala zovala zabwino koma ulibe kopita, chifukwa masiku a m'pasipoti anatha kale ndipo galimoto iliyonse ya apolisi umaithawa. Ndinkasowa woyankhula naye mpaka ndinkapatsa moni galu wa adona m'Chichewa. Ndinamusowa Esinati koopsa, ndipo sindichita manyazi kunena.

Ndalama ndi katundu ndinkatumiza kudzera kwa Jailosi, mnyamata wa ku Ntchisi yemwe ankayenda ndi lole pakati pa Joni ndi kwathu. Ndi yemwenso ankanyamula mauthenga, ena papepala, ambiri pakamwa. Kukakhala nkhani yaikulu tinkapangana tsiku, a Filimoni ankapalasa njinga kupita ku positi, ine n'kuimba foni kuchokera m'kabokosi ka pamsewu. Esinati sanagwirepo foniyo. Ankati ndi kutali, ndiponso nkhani za banja zimadutsa kwa mwini mbumba. Lero ndikamaona ana a sukulu akuyenda ndi foni m'thumba, ndimangoti zikanabwera msanga zimenezi.

M'chaka changa chachiwiri adona anapezeka ndi khansa ya m'mawere. Kumapeto kwa msewu wathu kunali chipatala chokongola, cha magalasi okhaokha, koti munthu ukanatha kupita wapansi. Koma iwo anasankha chipatala china cha kutsidya kwa mzinda, chakale, cha makoma osuluka. Mwana wawo ankayendetsa galimoto, ine ndinkanyamula chikwama ndi kuwagwira mkono pokwera masitepe. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene tinkavutikira ulendo wonsewo. Anandiyankha pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati dokotala wa pafupi ndi wanzeru, koma opaleshoni ya bere amaichita mwa apo ndi apo. Wa kutsidyayo ndiyo ntchito yake sabata ndi sabata, ndipo anamwino ake, oyeza nyama yodulidwayo, onse anazolowera. Dzanja lake likudziwa kumene matendawa amakonda kubisala, makamaka m'khwapa, mu timiyulu tija ife timati mwanabere.

Zimenezo sizinandivute kumva. Kwathu ng'ombe yofula sitiitanira aliyense amene ali ndi mpeni. Timatumiza mwana kukaitana munthu wa kumudzi wachitatu, yemwe amafula chaka ndi chaka, ngakhale pafupi pali wina amene anaonererapo.

Pabenchi yodikirira ndinkaona amayi amitundumitundu, akuda, amwenye, azungu, ena atavala mipango chifukwa tsitsi linathothoka ndi mankhwala. Ena ankangobwera kudzayezetsa, opaleshoni anachita kalekale, ndipo ankaseka ndi anamwino ngati anthu okumana pachigayo. Mayi wina anandionetsa chithunzi cha mdzukulu wake wobadwa iye atachotsedwa kale bere. Apo m'pamene ndinadziwira kuti matendawa munthu angathe kupulumuka nawo. Kwathu tinkangodziwa kuti bere likatupa n'kuphulika, ndiye kuti yambani kusaka matabwa.

Ndiye tsiku lina Jailosi anafika pageti, chipewa chili m'manja. Anati Esinati wamva kachotupa kolimba m'bere lakumanzere, kosapweteka, ngati njere ya nyemba. Ku chipatala chaching'ono cha kuseri kwa phiri anamuuza kuti pakufunika mpeni. Dzina la chipatalacho sinditchula, chifukwa anthu ake sanandilakwire.

Ndinaimba foni pa tsiku lopangana.

“Alamu, ndapota nanu, opaleshoni imeneyo asachitire pafupipo. Mupite naye ku Blantyre, ku chipatala chachikulu, kwa madokotala amene amachita zimenezi kawirikawiri.”

“Dokotala ndi dokotala, alamu,” anatero a Filimoni. “Onse anaphunzira buku limodzi.”

“Buku ndi limodzi koma dzanja si limodzi. Ine ndaona ndi maso anga kuno. Ndalama ya ulendo nditumiza sabata yomwe ino. Mukafuna ndibwere ndekha.”

“Ayi, musadzivute. Mukabwera ntchito ithera pomwepo. Komanso ku wodi ya amayi mwamuna sagonako. Nelesi apita naye ngati gadiyani. Zisiyeni m'manja mwathu.”

Nelesi ndi mng'ono wake wa Esinati. Amene anagonekapo wodwala m'zipatala zathu akudziwa kuti popanda gadiyani palibe chimene chimayenda. Ndi iye amaphika kuchitando, amachapa, amasambitsa wodwala, amagona pansi pambali pa bedi. Mawu a alamu anga anamveka anzeru, ndipo ndinawakhulupirira. Ndinapempha adona malipiro a miyezi ya kutsogolo, ndinagulitsa njinga yomwe ndinasungira Tiya, zonse ndinapatsa Jailosi. Unali mwezi wa Epulo.

Pa foni yotsatira a Filimoni anali osangalala. Anati zonse zayenda bwino, abwerako ku Blantyre, bere lachotsedwa, bala likupola, tithokoze Mulungu. Ndinatuluka m'kabokosi kaja ndikulira ngati mwana, anthu akundiyang'ana. Ndinagula botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kukhala pamwala ndekha, ndilo linali phwando langa. Kuyambira pamenepo ndinagwira ntchito ndi mtima wopepuka. Ndikamaperekeza adona kukayezetsa, ndinkayang'ana amayi a pabenchi aja n'kumati mumtima, nanenso ndili ndi wanga wopulumuka.

Fodya wina atabzalidwa n'kukhwima, Jailosi anabweranso, chipewa chili m'manja ngati poyamba. Anangoti, “Akulu, konzekani tipitire limodzi.” Sindinamufunse zambiri. Adona anandipatsa juzi ya ubweya kuti ndikampatse mkazi wanga. Iwo tsitsi linali litameranso, ndipo ankathirira okha maluwa.

Ndinatsika pa msewu waukulu n'kukwera matola, kenako wapansi, chifukwa mvula inali itadula mlatho. Mudzi ndinaupeza monga ndinausiya, fungo la fodya lili ponseponse. Esinati anali pamphasa, mumthunzi wa chigafa chomwe ndinamanga chija. Ndinamuzindikira ndi maso okha. Mkono wakumanzere unali utatupa ngati mtondo, ndipo ankauchirikiza ndi chitenje. Pomwe panali bere panali chipsera chokhota, ndipo m'mbali mwake munali mutamera timiyulu tolimba, tina titayamba kutuluka madzi. M'khwapa munali chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku, ndipo khungu la pamenepo linali losalala, lopanda chizindikiro choti mpeni unafikapo.

Ndinamufunditsa juzi ija, ndinakhala pambali pake. Pofuna kumuseketsa ndinati, “Nanga Blantyre munamuona bwanji, amake Tiya? Munandiposa, ine ndimangomudutsa pa lole.”

Anatembenukira kwa ine. “Blantyre wake uti?”

“Kumene munakachitira opaleshoni.”

“Ine sindinapondeko ku Blantyre. Anandichitira kuseri kwa phiriku. Achimwene anati inu mwanena pa foni kuti ndichitire pafupi, ulendo ndi wongotaya ndalama.” Anapuma kaye, mpweya unkamuvuta. “Ndinadandaula, bambo a Tiya. Ndinati kodi amuna anga andiyeza kuti sindikwana mtengo wa basi? Koma ndinangoti poti anena ndi iwo.”

Chaka chathunthu ine ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha ulendo womwe sunachitike, iye chaka chomwecho ankagona ndi maganizo oti ndinamuona wotsika mtengo. Bodza limodzi linatidya tonse awiri, wina ku Joni wina ku Bowe. Ndinamugwira dzanja labwinolo n'kumuuza mawu onse amene ndinanena pa foni paja. Analira mopanda phokoso, kenako anati, “Ndiye bola. Chimenecho chinkandipweteka kuposa balali.”

M'mawa mwake ndinapita kuseri kwa phiri ndili ndi ukali wofuna kugwira munthu pakhosi. Dokotalayo ndinamupeza, wachinyamata, wowonda, maso ofiira ndi kutopa, panja pali mzere wa amayi oyembekezera ndi ana otentha thupi. Nditatchula dzina la Esinati anamukumbukira, ndipo anatseka chitseko.

“Bambo, ine ndinawauza,” anatero. “Ndinati kuno ntchito yanga yambiri ndi yobereketsa amayi ndi kusoka mabala. Bere ndachotsapo kangapo kokha, ndipo m'khwapa sindilowamo, sindinazolowere. Ndinawapempha kuti apite ku Blantyre. Achimwene awo anakana. Anati palibe gadiyani, ndiponso mwamuna wawo anatchona ku Joni, sadziwika ngati ali moyo. Anati ndikapanda kuchita ine abwerera nawo kumudzi. Ndinaona kuti kuchotsa chimene ndingathe n'kwabwino kusiyana ndi kungowasiya.”

“Akanapita akanachira?”

“Zimenezo sindingalonjeze. Ngakhale kumeneko ena amamwalira. Koma mwayi wawo ukanakhala waukulu kuposa umene ndinawapatsa ine.”

Ndinalowa m'chipindamo ndikufuna mdani, ndinatuluka nditamugwira chanza. Mawu akuti ndinatchona ndi amene anandiperekeza njira yonse. Shuga amene ankamwa pakhomo pa a Filimoni anali wochokera kwa mtchonayo, ngakhale jekete imene ankavala pa mgonero.

Ndinaganiza kuti mwina anadya ndalama, ndipo kunena zoona ndinkafuna zitakhala choncho, chifukwa wakuba umadziwa pomuika. Koma nditawapeza pakhomo pawo, a Filimoni analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kampango komanga mfundo. Ndalama ya ulendo ija inali momwemo, sanaikhudze. Anaipereka ndi manja awiri, nkhope yowala ngati munthu amene akudikira kuyamikiridwa.

“Ine si wakuba, alamu. Koma inu muli kutali simungamvetse. Unali Epulo. Fodya anali m'chigafa, wofunika kusankha, kumanga, kudinda mabelo. Nelesi ndiye wodziwa kusankha masamba pamudzi pano. Tikanamutumiza ku Blantyre mwezi wathunthu, mwina iwiri, fodya akanaola ndipo ngongole ya kalabu ikanatigwera tonse. Kuseri kwa phiriku ankatha kupita m'mawa ndi chakudya n'kubwerera kudzagwira ntchito. Ine ndimayang'ana mbumba yonse, osati munthu mmodzi.”

“Nanga osandiuza bwanji? Ndikanabwera. Ndikanalemba mayi wina wa ku mpingo kuti akakhale gadiyani. Mlongo wanga wa ku Chezi akanapita.”

“Nkhani ya mbumba sitiitengera kwa alendo,” anatero. Atazindikira chimene anena, anawonjezera kuti, “Ndikunena a ku Chezi.”

Koma ndinali nditamva. Zaka zonse zija ndinalima minda yawo, ndinakumba manda a amayi awo, ndinabereka mwana m'mudzi mwawo. Pa nkhani ya thupi la mkazi wanga ndinali mlendo. Nelesi sanabwere kudzandipatsa moni. Ndikamadutsa ankalowa m'chigafa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anakana yekha kupita kapena anamuletsa.

Ndi ndalama yomwe ija ndinapita naye Esinati ku Blantyre, mlongo wanga ali gadiyani. Kupeza gadiyani kunanditengera madzulo amodzi. Dokotala wa kumeneko anali wachikulire, wosachedwa ndi mawu. Anagwira m'khwapa, anagwira pakhosi, anayang'ana zithunzi za m'chifuwa, ndipo zala zake zinkapita zokha pamalo oyenera, monga mmene adona ananenera. Kenako anandiitanira pambali n'kundiuza kuti matenda afika m'mapapo, mpeni sungathandizenso. Anatipatsa mankhwala opha ululu. Pobwerera Esinati anakhala cha kuwindo kwa basi, akuyang'ana nyumba zosanjikizana. “Ndiye Blantyre ameneyu,” anatero. “Sikutali ayi.”

Miyezi yotsalayo ndinamusamalira ndekha. Ndinkamusambitsa, kutsuka bala, kuchapa nsalu zake kudambo pakati pa amayi. Ankanong'onezana kuti mwamuna sachita zimenezo, ena ankati ku Joni ndinakasokonezeka mutu. Ndinalibe nawo ntchito. Omwe ankadziwa bwino za ntchito ya akazi anali ataisiya pa nthawi yake. Esinati anamwalira m'nyengo yozizira, atavala juzi ya adona. Pamaliro a Filimoni anayankhula mokoma, anati banja linayesetsa mbali yake koma Mulungu anakonda koposa. Ine ndinkayang'ana pansi kuti ndisachite zamanyazi pamaso pa mwana wanga.

Ku Joni sindinabwererenso. Ndimakhala ku Chezi, pa dothi la amayi anga, pomwe palibe amene angandipatse mpando wakumbuyo. Tiya anatsala ku Bowe monga mwambo umanenera, koma ndinkapalasa njinga kukamuona, ndipo atakula ndinamuuza zonse, popanda kuchotsera. Ndinamuuzanso kuti tsiku lina akadzamva kanthu kolimba m'bere, asadzadikire msonkhano wa banja. Adzakwere basi, ndipo akadzafika adzafunse dokotalayo mosachita manyazi kuti ntchito imeneyi amaichita kangati. Anthu amati ndikhululuke, padutsa zaka. Ndimapita ku tchalitchi, ndimadya mgonero, koma ndikanena kuti mtima unatsika ndiye kuti ndikunama. Ndinkaopa apolisi a ku Joni, ndinkaopa achifwamba a m'sitima. Sindinaganizepo zoopa anthu amene ndinawasiyira mkazi wanga.

Tsiku londisudzula, lomwe achibale a malemu amamasula mwamuna kuti abwerere kwawo, tinakhala pabwalo la a Filimoni. Ulendo uno anandiika kutsogolo. Atatha kunena zonse za mwambo, anatembenukira kwa ine mwaulemu.

“Alamu, tati timveko maganizo anu. Pali chimene mungafune kunena kapena kufunsa?”

Pa zaka zonse zimene ndinakhala m'mudzimo, aka kanali koyamba kundifunsa maganizo. Ndinayang'ana chigafa chija, chili chopanda kanthu, udzu ukulendewera.

“Funso ndi limodzi,” ndinatero. “Fodya uja wa chaka chija, anayenda bwanji ku okushoni?”

Nkhope ya a Filimoni inamasuka, poona kuti mlamu wayamba nkhani wamba.

“Anayenda bwino kwambiri, alamu,” anatero. “Silinabwerere belo ngakhale limodzi.”

Ndinathokoza, ndinatenga chikwama changa, ndinauyamba wa ku Chezi.